Seva Ziwiri, Nkhokwe Imodzi

Nzeru yonse inaphikidwa Lolemba masana kuseri kwa shabini ya mayi Janeti pa Tsangano, botolo lachiwiri la kachasu litafika m'chiuno. Amuna atatu anakhala pabenchi yochirikizidwa ndi njerwa, aliyense akudziyesa wochenjera kuposa anzake awiriwo. Mbava zakale zinkaba nkhuku n'kutseka pakamwa. Za masiku ano zimayamba ndi msonkhano.

Mwini mlandu anali Maynard, mkulu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, amene anthu ankamutcha Bra Joni. Anakhala m'mafamu a ku Joni zaka khumi ndi chimodzi, nabwerako ndi chipewa chachikopa, chifuwa chosapola ndi mawu atatu a Chizulu, onse otukwana. Pa Tsangano anali mkamwini. Nyumba, dimba, nkhumba, ngakhale mpando umene ankakhalira pakhonde, zonse zinali za mkazi wake Nanzunga, mayi wa Mvano komanso wachiwiri kwa wapampando wa Kopaletivi ya Mphukira, ya alimi a kachewere. Chaka chatha, mbuzi ya mneba itasowa n'kupezeka chikopa chake kuseri kwa bafa lawo, Nanzunga ananena pamaso pa ankhoswe kuti manyazi ena akangofika pakhomopo, bamboyo abwerera kwawo ku Manjawira. Ndipo ku Manjawira Maynard analibe kanthu. Munda wa makolo ake ana a mlongo wake anagulitsa kalekale. Chake chotsala kumeneko anali malo kumanda.

Manyaziwo tsopano anali m'njira. Sabata yapitayo Maynard anatulutsa matumba awiri a mbewu ya kachewere m'nyumba yosungiramo katundu ya kopaletivi, kudzera khomo lakumbuyo, osadziwa kuti a pulojekiti anapachika kamera pamwamba pa khomolo, kakang'ono ngati diso la nkhanu. Anthu a pulojekiti ndi otero. Uwapemphe feteleza, akubweretsera chinthu chokuyang'ana. Matumba atapezeka kuti aperewera, komiti inagwirizana kuti Lachisanu, wapampando akabwerako kuwekishopu kumene ankadya zaulere, onse asanu ndi awiri adzakhale pansi n'kuonera kanema wa kamerayo. Nanzunga adzakhala kutsogolo, magalasi ali pamphuno.

"Mdala, imwani mtima uli m'malo," anatero Fanizo. "Nkhani imeneyi yafika kwa madolo."

Fanizo ankadzitcha Injiniya. Ankakonza mafoni pa Lizulu mpaka tsiku limene eni ake anazindikira kuti foni ikalowa m'kashopu kake inkatuluka yopepuka. Anafotokoza kuti kamera ndi diso chabe, silisunga kanthu. Zonse zimene laona zimatsika ndi waya kukagona mu seva, kompyuta yaikulu yopanda nkhope, make wa makompyuta onse a muofesi. Iye maseva anakonzapo ambiri ku Tete. Ku Tete anali asanafikeko. Anathera pa Ulongwe, ndipo anabwerako akuthamanga.

"Tikanyamula sevayo, Lachisanu komiti idzaonera khoma. Dilu ya maminitsi khumi imeneyi."

Wachitatu anali Lucky, wakabaza wa njinga yamoto, wotchedwa Giya, munthu wa thupi ngati ng'ombe ya ngolo ndi mutu wosasunga mawu. Cholowa m'khutu chinkatulukira pakamwa chisanazizire. Iye anangofunsa ngati sevayo imagwira shoko. Atamuuza kuti ayi, anati ndiye bhobho, natsanulira wina.

Tsiku linadzisankha lokha. A Thomas, mmodzi wa oyambitsa kopaletivi, anali atamwalira Loweruka, ndipo kuika maliro kunali Lachiwiri. Pa Tsangano maliro a munthu wamkulu amatseka chilichonse, ofesi, chigayo, ngakhale shabini imatseka khomo lakutsogolo n'kutsegula lakumbuyo. Mlonda wa kopaletivi, a Dyton, anali mkulu wa adzukulu okumba manda, choncho kuyambira m'mawa adzakhala ali m'dzenje. Pa za malipiro anakangana pang'ono. Fanizo ankafuna sevayo kuti akaigulitse tsidya la Mozambiki, koma Maynard anakana kwamtuwagalu. Chinthu chokhala ndi nkhope yake m'kati sichingayende m'manja mwa anthu. Anawalonjeza mwana wa nkhumba. Nkhumbayo inali ya Nanzunga, koma zimenezo anati adzaziona zikafika.

Lachiwiri Maynard analira maliro kuposa anamfedwa. Ananyamulako bokosi, anaimba besi mpaka amayi kutembenuka, anapereka moni kwa aliyense wa m'komiti kuti aliyense adzakumbukire kuti anamuona. Mbusa atangotsegula Baibulo, ndipo mbusa ameneyo akayamba sankatha dzuwa lisanapendeke, Maynard anagwira pamimba nalowa m'tchire ngati wothamangitsidwa ndi nyemba. Anatulukira kumsewu kumene Giya ankadikira, Injiniya ali kumbuyo ndi chikwama cha zitsulo.

Loko ya kuofesi inagonja msanga, inali ya pamsika. Chipinda cha seva chinali kumapeto, chopanda zenera, chozizira ngati mochale. Pashelefu yachitsulo panali seva ziwiri zofanana ngati mapasa, ina pamwamba pa inzake, ndipo pansi pake panali chibokosi chakuda cha timadirowa tambirimbiri.

"Injiniya, munati imodzi."

"Ndinati seva, mdala. Sindinawerenge."

Fanizo anaika chikhatho pa yapamwamba ngati dokotala woyesa malungo. Inali yofunda, timagetsi take tikuphethira mosalekeza. Yachiwiri inali phee, kagetsi kamodzi kokha kakuyaka mwaulesi. Anagamula kuti yapamwambayo ndiyo yamoyo. Inayo ndi yakufa, azungu anangoibweretsa kuti lipoti lawo lioneke lonenepa. Chibokosi chapansicho ndi batire, ndipo munthu wanzeru saba batire lolemera chotero dzuwa likuswa mtengo.

Anazula mawaya onse a yapamwamba, chipinda chinati zii. Lucky anaisenza paphewa. Asanafike pakhomo, kumbuyo kwawo kunamveka mkokomo ngati ndege ikunyamuka. Yakufa ija inali itadzuka. Timagetsi take tonse tinayaka nthawi imodzi, tobiriwira, ndipo chibokosi chapansi chinayamba kuphethira ngati chikuiyankha.

Maynard anabwerera m'mbuyo. Tsiku la maliro, chinthu chakufa n'kudzuka. Lucky ananong'ona kuti ikulira m'bale wake, aibwezere. Fanizo, amene anali kale panja, anafotokoza ali pa liwiro kuti nkhuku nayo imadumpha itadulidwa mutu, imeneyo ikungomaliza kufa.

Anaikulunga m'chitenje, nakwera atatu pa njinga, katundu ali pamiyendo ya Maynard. Panjira anakumana ndi anthu a kumidzi ya kutali ochedwa kumaliro. Ataona amuna atatu a nkhope zolimba atanyamula kanthu kaatali kokutidwa ndi nsalu, anapatukira m'mbali, amuna anavula zipewa, wanjinga yakapalasa anatsika. Lucky, pokhala wolemekeza mwambo, anachepetsa liwiro n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka Fanizo anamumenya chibakera pamsana.

Anaiponya m'chitsime cha m'dimba losiyidwa kumunsi kwa msika, atayamba aiphwanya ndi mwala kuti isadzayandame ndi nkhope ya munthu. Maynard anafikanso kumanda nthawi yoponya dothi, udzu uli m'tsitsi, ndipo dothi lake anaponya ndi mtima woyera. Anthu anati mkamwini wa kwa Nanzunga wasintha.

Lachitatu m'mawa anaperekeza mkazi wake kuofesi kuti akadabwe nawo. Nkhope yachisoni anaikonzeratu panjira. Ankayembekeza kupeza makalaliki atagwira m'masaya, makompyuta ali bii. Anapeza ntchito ikuyenda ngati dzulo kunalibe. Kalaliki ankalemba mayina a alimi, pulinta ikulavula mapepala, ndipo tivi yaikulu yopachikidwa pakhonde, yoonetsa mitengo ya kachewere ndi zidziwitso za komiti, inkasintha zithunzi zake monga mwa masiku onse. M'chipinda cha seva munkatuluka mbaliwali. Wowotcherera anali atayamba kale kumanga khola lachitsulo.

Woyang'anira makompyuta anali Christobel, mtsikana wa kuboma wa dipuloma, mmodzi wa ana asukulu aja amene amamwetulira pofotokoza kuti udziwe kuti iwe sunaphunzire. Anasonkhanitsa akomiti pakhonde.

"Amayi ndi abambo, seva zathu zinali zamitala," anatero. "Akazi awiri, nkhokwe imodzi. Wamkulu ndiye amaphika, wamng'ono amangokhala n'kumamvetsera ngati mnzake akupuma. Wamkulu akangoti zii, wamng'ono amatenga mthiko nthawi yomweyo, odya osazindikira n'komwe kuti wophika wasintha. Akubawo atenga wophika mmodzi. Chimanga sanachikhudze."

Wina anafunsa kuti nkhokweyo ili kuti. Christobel analoza chibokosi chakuda chija, batire la Injiniya. M'timadirowa timeneto, anati, muli madisiki, ndipo seva zonse ziwiri zimatenga ndi kusunga momwemo. Mayina a alimi, makalata, kanema wa kamera, zonse zili bwinobwino, Lachisanu aonera monga anapanganira. Nanzunga anati Mulungu ndi wabwino. Maynard anavomera kuti ndi wabwinodi, mawu akutuluka ngati a mwana wa mbuzi.

Poona kuti anthu akumumvera, mtsikanayo anapitiriza kudzionetsa. Anati ngakhale munthu atakhala pakompyuta, mafoda osungiramo zinthu ali ndi zilolezo ngati zipinda za kwa apongozi. China ulowa n'kukhala pansi, china ungosuzumira pakhomo, china usayandikire n'komwe. Foda ya kamera akomiti ali ndi chilolezo choona basi. Kufufuta ayi.

Pobwerera kunyumba Nanzunga ankangoyankhula za wakuba wa mbewu. Anati iye samvera chisoni wakubayo, amvera chisoni mkazi wake, amene pakali pano mwina akumuchapira malaya osadziwa kanthu. Maynard anati dziko laipa. Anati apite kaye akaone mnzake wodwala.

Mnzake wodwalayo anamupeza kuseri kwa shabini, namugwira pakhosi. Fanizo anadikira kuti amusiye, anakonza kolala, nati vuto ndi loti mdala sanamuuze kuti maseva a kuno ndi amitala, a ku Tete amakhala a mkazi mmodzi. Khola lachitsulo anavomera kuti sangalithe. Koma za zilolezo anaseka mpaka kutsokomola.

"Kamtsikana kameneko kakungoopseza nkhalamba za m'komiti. Mdala, amene waloledwa kulowa m'munda waloledwa kuthyola chimanga. Ndipezereni pasiwedi ya madamu, zinazo n'zanga."

Pasiwedi sinavute. Nanzunga anailemba m'kati mwa chikuto cha buku lake la nyimbo, ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa anamuuza kuti aisunge pamalo pamene sangataye. Iye ali kubafa, Maynard anaikopera pakapepala kopichira fodya. Anadziuza kuti akuchita zimenezi pofuna kupulumutsa banja. Wakuba aliyense ali ndi ulaliki wake.

Lachinayi linali tsiku labwino, malinga ndi Injiniya. Christobel anapita kuboma kukatenga wapolisi wofufuza zidindo za zala, Nanzunga anali ku Mvano kutchalitchi cha tsidya la msewu, ndipo kalaliki akapita kukadya sankabwera thu koloko isanakwane. Chimene Injiniya sanawerengere n'chakuti Lachinayi ndi tsiku limene malole a ku Blantyre amabwera kudzapakira, ndipo alimi amadzaza pakhonde kudzaona mitengo pa tivi.

A Dyton, atakalipiridwa dzulo lake chifukwa chosiya ofesi n'kukakumba manda, anali atakhwimitsa chitetezo. Anaima pakhomo ndi chibonga. Maynard anawauza kuti madamu atuma katswiri uyu kuti aone ngati akuba aja sanasiye matenda m'makompyuta. A Dyton anamuyang'ana katswiriyo. Fanizo anali atavala jekete yonyezimira ya okonza misewu ndi magalasi a m'maso, galasi limodzi mulibe. Koma dzina la Nanzunga linali litawalira m'makutu tsiku lathunthu, ndipo sanafune kulimvanso. Anatsegula. Awiriwo anamusiya Lucky panja ndi njinga, atamulamula kuti asayankhule ndi munthu.

Kompyuta ya akomiti inali patebulo la pakona. Pasiwedi inalowa ulendo wachitatu, chifukwa seveni wa Maynard ankafanana ndi wani. Kenaka mafoda achikasu anandandalika pagalasi, ndipo Fanizo anawomba m'manja kamodzi ngati watsegula banki. Anapeza foda ya kamera, anafunsa tsiku, natsegula.

Maynard anadziona. Anaona chitseko chikutseguka, chipewa chachikopa chikusuzumira kumanja ndi kumanzere. Anaona munthu wokalamba kuposa mmene ankadziganizira akukoka thumba chafutambuyo, buluku likutsika pang'onopang'ono mpaka zinthu zimene mkamwini sayenera kuonetsa eni mudzi zinakhala poyera. Thumba lachiwiri litatuluka, munthuyo anakweza buluku, anapukuta thukuta, kenaka, ndi chimwemwe chimene Maynard sankachikumbukira n'komwe, anavina ngoma. Phazi pansi kawiri, dzanja m'mwamba ngati lagwira chishango, nkhope italunjika pa kamera.

"Mupheni ameneyo," anatero Maynard ndi mawu otsika.

Fanizo anadina batani lofufutira. Kompyuta inalira kamodzi, kabokosi ka Chingerezi kanatulukira. Fanizo anakawerenga milomo ikuyenda, nati ikungofunsa ngati atsimikiza. Anadinanso. Inaliranso chimodzimodzi. Anadina ndi chala chachikulu, anadina ndi zala ziwiri, anagwedeza mausi, anaiuzira mpweya kunsi kwake. Kasanu ndi kanayi kompyuta inakana, mwaulemu, ndi mawu omwewo.

"Chabwino," anatero, thukuta likutsikira pagalasi limodzi lija. "Wakana kufa, timusamutse. Komiti ikamufuna pano ipeza palibe."

Anafufuza malo obisapo. Anapeza foda yolembedwa kuti Zolengeza, yodzaza ndi zinthu zakale, zidziwitso za katemera wa nkhuku, zithunzi za alendo a pulojekiti akugwirana chanza. Anati umu ndi m'dzala, mulibe wolowamo. Anagwira kanema uja ndi mausi, namukokera mmenemo. Kompyuta sinalire. Inalola.

Apa ndi pamene sukulu ya pa Lizulu inathera. Foda ya Zolengeza Christobel anaisiya yotsegukira akomiti onse kuti aziikamo zidziwitso, ndipo chilichonse cholowa mmenemo tivi ya pakhonde inkachitenga yokha n'kuchionetsa. Komanso chinthu chimene ulibe chilolezo chochichotsa pamalo pake, ukachikokera kwina sichisamuka. Chimabereka.

Fanizo anabwerera ku foda ya kamera, napeza kanema ali pompo. Anati netiweki ikuchedwa. Anamukokanso. Ali pompo. Anakoka kachitatu, kachinayi, akutukwana makolo a amene anapanga mausi. Ulendo wachisanu ndi chiwiri chala chake chinaterereka pakagudumu ka mausiyo, mndandanda unathamangira m'mwamba, ndipo kanema sanaonekenso pagalasi.

"Wapita," anatero Injiniya, akutsamira mpando. "Mdala, mwana wa nkhumba uja akhale wamkazi."

Maynard anatulutsa mpweya umene anaugwira kuyambira Lolemba. Anadziona ali nkhalamba pakhonde la Nanzunga, akulamula ana kuti amubweretsere madzi. Panja kunkamveka kuseka, koyamba pang'ono, kenaka ngati pabwalo la mpira. Fanizo anati mwina woledzera wina wagwera m'ngalande. Anatuluka akuyenda monyang'wa. A Dyton pakhomo panalibe.

Khonde linali litadzaza mpaka mumsewu. Alimi, opakira malole, amalonda a ku Mozambiki ndi zidebe zawo, a Dyton chibonga chili m'khwapa, onse maso ali m'mwamba. Maynard, pokhala munthu wosalola chaulere kumudutsa, anadzipanikiza kuti aone nawo. Anafika nthawi yabwino. Buluku linali litangoyamba kutsika.

Poyamba palibe anamuona. Anthu ankawerengera pamodzi mapazi a ngoma, ndipo kanema atatha mitengo ya kachewere sinabwere. Chitseko chinatsegukanso, chipewa chinasuzumiranso. Mayi wina anafunsa kuti kodi ameneyu aba matumba angati. Mnzake anayankha kuti akamaliza ulendo uno akhala asanu ndi limodzi.

Kutsogolo kwenikweni kunali Lucky, njinga ataisiya, akuseka atagwira mawondo. Kenaka anasiya kuseka. Anayang'ana tivi, anatembenuka, anaona chipewa chomwecho chili pamutu pa mwini wake pakati pa gulu, Injiniya ali pambali. Nkhope yake inali ya munthu amene wagwira ntchito yolemetsa pachabe. Anafunsa ndi mawu ake a ng'ombe, amene anamveka mpaka kuchigayo.

"Injiniya, nanga ngati Bra Joni akadali umu, chija tinaponya m'chitsime Lachiwiri chinali chiyani?"

Phokoso linazima ngati magetsi. Fanizo anayesa kuchoka ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya madzi pamoto, koma jekete yonyezimira siibisa munthu. Opakira malole anamugwira asanadumphe ngalande. Lucky sanathawe, ankadikira yankho. Maynard anavula chipewa n'kuchibisa kumbuyo, pamene m'mwambamo munthu wa pa tivi anali akuchisuzumiritsa kachinayi.

Nthawi yomweyo amayi a Mvano ankatuluka m'tchalitchi, oyera mbee, mabuku ali m'manja. Gulu linawapatukira popanda woliuza. Nanzunga anafika pansi pa tivi, anatulutsa magalasi m'chikwama, anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, nawavala. Anaonera mpaka makanema onse anatha, kunabwera chidziwitso cha katemera wa nkhuku, kenaka chitseko chinayambanso kutseguka.

Galimoto ya polisi inafika pakati pa zimenezi. Wapolisi amene anabwera ndi kabulashi kake kudzafufuza zala anapeza anthu atamusungira manja asanu ndi limodzi athunthu. Christobel analowa muofesi, natuluka ndi pepala, chifukwa seva yotsala ija inkalemba chilichonse chochitika. Anawerenga mokweza. Wolowa pakompyuta, Malita Nzunga, limene ndi dzina la Nanzunga la m'mabuku. Kuyesa kufufuta, kasanu ndi kanayi, konse kukanidwa. Kukopera ku Zolengeza, kasanu ndi kawiri. Maso ena anatembenukira kwa Nanzunga. Amayi makumi atatu a Mvano anayankha pamodzi kuti nthawi imeneyo mayiyo anali kutsogolo akutsogolera pemphero, ndipo amene akukayika asendere adzanenere pafupi. Palibe anasendera. Nanzunga anatsegula buku lake la nyimbo, anayang'ana m'kati mwa chikuto, nalitseka. Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake, naloza tivi.

"Bambo a Sungani, uyo ndi ndani?"

Maynard anayang'ana m'mwambamo nthawi yaitali ngati akuthandiza nawo kufufuza. Anati munthuyo akufanana naye ndithu, koma makompyuta a masiku ano amatha kupanga munthu amene kulibe.

"Kasanu ndi kawiri konse?"

Anayesa njira ina. Anati zonsezi anachita poopa kutaya banja, ndipo mwamuna wosakonda mkazi wake sangavutike chotero, mpaka kuthyola ofesi tsiku la maliro. Nanzunga anati wamva. Anapempha wapolisi kuti asanyamuke kaye, nalowera njira ya kuseri kwa msika. Anthu anadikira, ena akuonerabe. Anabwerako atasenza chikwama cha mizeremizere, chija anthu amachitcha ukwati watha, nachiika yekha kumbuyo kwa galimoto, pakati pa Injiniya ndi Giya.

"Mukadzatuluka musadzavutike kukwera phiri lino," anatero. "Minibasi za ku Manjawira mudzazipeza kuboma komweko. Bulangete lili pansi, mankhwala a chifuwa ali m'thumba lam'mbali."

Atatero anatembenukira kwa Christobel, namufunsa ngati pasiwedi imatheka kusintha lero lomwe. Christobel anati ndi ntchito ya mphindi imodzi. Analowa awiriwo muofesi, chitseko chinatsekeka.

Maynard anakwera, nakumbatira chikwama chake. Galimoto isanadutse pachigayo, Lucky anafunsanso kuti chija cha m'chitsime chinali chiyani, popeza iye ndi amene anachisenza. Injiniya, unyolo uli m'manja, anakankhira magalasi m'mwamba ndi phewa n'kuyamba kufotokoza.